Asanabe ndalama za agogo, amayamba waba mawu awo

Azakhali anga a ku Mabvuku, dera lina la mumzinda wa Harare, anatiuza katatu konse kuti akuberedwa, ndipo katatu konseko sitinawamvere. Koyamba anadandaula za zitenje ziwiri zomwe anabwera nazo kuchokera ku Dedza ulendo wawo womaliza. Kachiwiri anati mapiritsi a BP akuwamwetsa theka. Kachitatu sanatchule chinthu, anangondigwira ndi dzanja lamanzere lomwe sitiroko inawasiyira, nati, "Bambo anga, mundichotsere munthu uyu." Mtsikana wowasamalira anali chiimire pakhomo ndi beseni la madzi ofunda, akumwetulira mwachisoni ngati nesi wozolowera zotere. Pondiperekeza pageti anandinong'oneza kuti, "Musadandaule amalume, agogo ayamba kuiwala. Dzulo amandiitana dzina la mchemwali wawo amene anamwalira." Ndinagwedeza mutu, n'kumupatsa madola 5 a mayunitsi pomuthokoza chifukwa cha kupirira kwake.

Dzina la mchemwali wawolo analitchuladi. Wodwala sitiroko amasokoneza mayina, ndipo bodza lokhalitsa limakhala ndi kachoonadi m'kati mwake. Koma zitenje zinali zitapitadi, mapiritsi ankadulidwadi pakati, ndipo ife, ana ndi adzukulu opita kusukulu, tinakhulupirira mlendo wa miyezi itatu kusiya mayi amene anatilera. Akale anati wamisala anaona nkhondo. Azakhali sanali amisala n'komwe.

Nkhani za osamalira okalamba ndi aulumali amene akuba m'nyumba za eni zachuluka m'Harare muno. Timazimva pamaliro, m'kombi, m'magulu a WhatsApp a mpingo. Zambiri zimathera pa kuwerenga zomwe zasowa: foni, bulangete, madola a m'pilo. Ine ndikuti kuwerenga kumeneko n'kuyambira nkhani pakati. Munthu sangabe miyezi ndi miyezi m'nyumba ya wokalamba asanakonze chinthu chimodzi, choti mwini nyumbayo akalankhula pasapezeke womumvera. Ndipo ntchito imeneyo saigwira yekha, timamuthandiza ndife abale.

Kwa ife olankhula Chichewa a kuno, nkhaniyi ili ndi mbali yomwe anzathu a Chishona sakumana nayo kwenikweni. Azakhali anafika ku Salisbury, yomwe lero ndi Harare, ali mtsikana, chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chisanathe mu 1963, kutsatira amuna awo amene ankaphika kwa mzungu ku Greendale. Zaka zoposa 60 akhala akutsatsa tomato ndi kukangana ndi mahwindi, anyamata oitanira anthu m'maminibasi, m'Chishona chosalala. Sitiroko itawagwetsa, Chishonacho chinayamba kuwathawa, n'kutsala Chichewa cha kwawo, chotuluka movutikira pakamwa popotoka. Ana awo anabadwira ku Mabvuku, anaphunzira m'Chishona ndi m'Chingerezi, Chichewa chawo n'cha moni ndi nyimbo za pamaliro. Choncho titapeza mtsikana wa ku Epworth wokulira pafamu, wolankhula Chichewa ngati wangotsika basi kuchokera kumudzi, tinati Mulungu wayankha. Palibe anaganiza kuti pomupatsa makiyi a nyumba tikumupatsanso udindo wa womasulira. Lamulungu lililonse msuweni wanga, mwana wa azakhali, ankaimba foni ya vidiyo kuchokera ku Leicester, ku England. Mayi ake alankhule, iye afunse kuti akuti chiyani, mtsikana uja ayankhe m'Chishona kuti agogo akuti akukusowani, akuti adya bwino. Zomwe ankanenadi azakhali pa mafoni amenewo sitidzazidziwa. Ine amene ndimamva Chichewa ndinkapitako kamodzi pamwezi, mwezi wina osapitako, ndipo ndikafika ndinkakhala mphindi 20 maso ali pa wotchi.

Ndalama zinkayenda chonchi. Mwezi uliwonse msuweni ankatumiza madola 300 pa Mukuru m'dzina la mtsikanayo, poti azakhali sakanatha kukaima pamzere. Madola 130 anali malipiro ake, otsalawo a mankhwala, magetsi, ufa ndi ndiwo. Malisiti ankabwera pa WhatsApp osaphonya mwezi. Tinadzaona pambuyo pake kuti linali lisiti limodzimodzi, lero lajambulidwa patebulo, mwezi wamawa pabedi, chala chachikulu chitaphimba deti. Chinaulula zonse ndi chipatala. Azakhali atagonekedwa BP itakwera koopsa, dokotala anafunsa ngati amamwa mankhwala tsiku ndi tsiku, anesi n'kutiitana kuti tione chilonda chomwe chinali m'munsi mwa msana, chachikulu ngati chikhatho cha mwana. Ndinapita kufamase komwe ankati amagulako. Kompyuta yawo inaonetsa kuti pa miyezi 7 mankhwala anagulidwa katatu. Matewera a akuluakulu, omwe msuweni ankalipiriratu kusitolo kuti azingobweretsedwa pakhomo, ankagulitsidwa limodzilimodzi kwa anthu a m'dera lomwelo, azakhali n'kumagona pa pulasitiki ndi zigamba za malaya a malemu amuna awo. Zitenje sitinazipeze.

Kusakhulupirika kwina kulibe ndi lisiti lomwe. Zonse zitaululika, anansi anatiuza kuti masiku ena mtsikanayo ankatsekera azakhali m'nyumba kuyambira 9 koloko mpaka 3 koloko masana, iye n'kupita kukagulitsa kaunjika amene ankaoda kumsika wa Mupedzanhamo. Ankamva kuitana kudzera pazenera. Titawafunsa chifukwa chake sanatiuze, anati ankayesa tikudziwa, komanso paja ifeyo tinkamutchula kuti mwana wa m'nyumba. Mawu amenewo ndi okoma, ndipo timawakonda chifukwa amatipeputsira zambiri: mwana wa m'nyumba simulemberana naye pangano la ntchito, simumupatsa tchuthi, simumufunsa chenji. Komatu mwana weniweni wa m'nyumba amadzalandira gawo la nyumbayo. Uyu amadziwa kuti tsiku la maliro a agogo ndi tsiku lomwe ntchito yake yatha. Chibale chonamizirachi chimapusitsa mbali zonse ziwiri.

Ndikafotokoza zimenezi sipalephera kupezeka wina wonena kuti, "Nanga mumamulipira zingati? Mbuzi imadya pomwe yamangidwa." Funso la malipirolo ndi loona ndipo ndibwererako. Koma mwambi wa mbuziwo ndatopa nawo. Mbuzi imadya udzu, sidya mbuzi inzake yodwala. Kutapa shuga m'chitini n'kwina, kudula pakati piritsi la munthu amene wagwapo kale ndi sitiroko n'kwinanso, chifukwa wodulayo, makamaka ngati anaphunzirako za unesi, amadziwa bwino lomwe zimene BP yolekereredwa imachita. Ndipo mwambiwo umanyoza amayi ambirimbiri a ku Tafara, Dzivarasekwa ndi Mufakose amene amalandira zochepa kuposa pamenepo, amasambitsa nkhalamba za eni usana ndi usiku, koma akatumidwa kusitolo amabweza chenji cha dola imodzi n'kuchiika patebulo. Kukanakhala kuti umphawi ndiwo umasandutsa munthu mbava, bwenzi Mbare yense, dera la anthu osauka m'Harare muno, ali kundende.

Komabe pali chimene chinandichititsa kuzengereza kumuloza chala mtsikanayo, ndipo ndikudziwa kuti ambiri a ife tili nacho. Ndife ana a antchito a m'nyumba. Mabvuku ndi Tafara anamangidwa kuti muzikhala ophika, osamalira maluwa ndi olera ana a ku Highlands ndi Greendale, ndipo ambiri mwa iwo anali a ku Nyasaland ndi ku Mozambique. Bambo anga anaphika zaka 31 m'nyumba za azungu. Ankatiuza za dona wina amene ankalemba kamzere ka pensulo pabotolo la mowa wa bwana ndi kuwerenga mazira m'mawa uliwonse. Tsiku lomwe mphete yake inasowa, apolisi anabwera n'kutembenuza matiresi a bambo m'kanyumba ka kuseri. Mpheteyo inapezeka sabata yotsatira m'thumba la jasi la dona yemweyo. Palibe anapepesa. Munthu wokula ndi nkhani zotere, akadzakhala bwana nayenso, amachita manyazi kuwerenga mapiritsi wantchito akuona. Amamva ngati wasanduka dona uja. Ine manyazi amenewo ndinali nawo, ndipo unawalipira ndi msana wa azakhali.

Sindikunena kuti wokalamba aliyense akati waberedwa ndiye kuti waberedwadi. Matenda oiwalaiwala a ukalamba alipo, ndipo china mwa zizindikiro zake ndi chimenechi: munthu amabisa chinthu, n'kuiwala pomwe wabisa, n'kuyamba kukayikira amene ali naye pafupi. Mayi wina wa mumpingo mwathu anagona usiku umodzi m'chitokosi chifukwa cha madola 200 a gogo amene ankamusamalira. Ndalamazo zinapezeka zitakulungidwa m'sokosi, m'kati mwa chitini cha tiyi wa Tanganda. Anatuluka, koma dzina loti wakuba linamutsatira mpaka anasamuka m'deralo. Ndiye nkhani si yosankha womukhulupirira pakati pa agogo ndi wantchito. Agogo angathe kulakwitsa, wantchito angathe kunama, ndipo banja lomwe lilibe cholembedwa chilichonse limangotsatira amene akulankhula momveka bwino. Wolankhula momveka bwinoyo sakhala wodwala sitiroko.

Chimene chimathira mafuta pamoto n'chakuti nyumba ya wokalamba m'Harare ndi banki yopanda mlonda. Anthu awa anaona penshoni ndi inshuwalansi za moyo wawo wonse zikusungunuka mu 2008, mpaka kumayambiriro kwa 2009 kunatuluka ndalama yapepala ya madola 100 thililiyoni yomwe sinagule kanthu kooneka. Anaonanso mu 2019 madola a ku America a m'mabuku awo a kubanki akusanduka RTGS, ndalama ya m'dziko muno yomwe inagwa mphamvu msanga. Ndalama yatsopano ya ZiG itabwera mu Epulo 2024 sanafunse zambiri, anangopitiriza kusokerera madola m'pilo ndi kumanga pamfundo ya chitenje. Amene amasunga ndalama pafoni, pa EcoCash, maso sakuonanso manambala a pafoni, ndiye nambala yachinsinsi amaidziwa ndi amene amawasambitsa. Madola a ku America nawonso ali ndi vuto lawo: onse ndi ofanana kukula kwake. Bambo wina wosaona wa ku Highfield anandiuza kuti ya 20 amaipinda pakati, ya 10 kawiri, ya 5 pakona, koma womuuza kuti iyi ndi ya 20 amakhala mnyamata womuyendetsa, ndiye kupindako kumangosunga zomwe mnyamatayo wanena. Anati amadziwa kuti nthawi zina amamudya. Nditafunsa chifukwa chake samuchotsa, anaseka nati, "Achimwene, ndikamuchotsa lero, mawa andiwolotsa msewu ndani?"

Yankho limenelo anthu oyenda ndi miyendo yawo sitilimva msanga. Waulumali amene amadikira wina kuti amunyamule kupita kuchimbudzi amayamba waganizira mtengo wa dandaulo lililonse. Akanena masana, usiku atsala ndi yemweyo, ndipo kubwezera sikulira chibakera: n'kungochedwa ola limodzi akaitanidwa, kuika kapu ya madzi patali pang'ono ndi pomwe dzanja limafika. Choncho ambiri amadziwa koma amakhala chete, ena amafika pomuikira kumbuyo wowaberayo pamaso pa ana awo. Kuti azakhali afike ponena katatu, mtsikanayo ali chiimire pakhomo, analimba mtima kuposa mmene ndinaganizira tsiku lija.

Nanga zafika bwanji pamenepa? Mu Febuluwale 2022 dziko la Britain linaika ntchito yosamalira okalamba pa mndandanda wa ntchito zosowa anthu, ndipo Harare inakhamukira kumakosi a othandiza anesi (nurse aide) a Red Cross ndi St John Ambulance: aphunzitsi, ogulitsa mumsika, ngakhale ogwira ntchito m'maofesi. Amene anali ndi luso ndi ndalama ya ndege anapita. Khomo lija linayamba kuchepa mu Malichi 2024 ataletsa kutenga mabanja, n'kutsekedwa kwa ofunsira ali kunja mu Julayi 2025, koma pofika pamenepo nyumba zambiri zinali zitatsala ndi anthu awiri, nkhalamba ndi wantchito. Mwa otsala kuno ndi satifiketi m'manja, ena anali atagulitsa katundu kapena kukongola katapila kuti alipire akamberembere amene anawalonjeza mapepala a ntchito ya ku Britain n'kuzimiririka. Munthu wa ngongole yotere, amene ankalota mapaundi, ndi amene tikumusiya yekha ndi pilo wa madola. Sizikumuchotsera mlandu, koma wolemba ntchito ayenera kuzidziwa.

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi ndikayerekeza. Msuweni wanga ku Leicester, amene nayenso amasamalira okalamba, asanakhudze nkhalamba ya ku England, a DBS, bungwe lofufuza ngati wofuna ntchito anapalamulapo mlandu, anayamba afufuza mbiri yake. Piritsi lililonse lomwe wamwetsa amalilemba pafomu n'kusaina, polowa ndi potuluka m'nyumba ya kasitomala foni imalemba nthawi, ndipo kampani yake imayenderedwa ndi a Care Quality Commission, bungwe loyang'anira ntchito zosamalira odwala ndi okalamba kumeneko. Iye sakwiya nazo, amati ndi mmene ntchito imayendera. Koma mayi ake omubereka tinawasiya m'manja mwa munthu amene tinamupeza kudzera kwa mayi wina wa pa Facebook wodzitcha ejenti, amene anatitumizira chithunzi cha satifiketi ndi cha kalata ya kupolisi, n'kulandira madola 40 ake. Nesi weniweni ali m'kaundula wa Nurses Council of Zimbabwe, ndipo akalakwa angathe kufufutidwamo. Mtsikana wathu sanali m'kaundula wa aliyense. Kalata ya kupolisi ija, ya zidindo za zala, imangosonyeza kuti munthu sanapezekepo wolakwa kukhoti. Nanga angapezeke bwanji wolakwa pamene mabanja sakasuma? Ifenso sitinakasume. Tinamuuza alongedze zovala zake, tinamulipira mwezi umenewo kuopa kuti angatisumire kuleba, n'kupumira m'mwamba kuti zatha. Kalata yake ikadali yoyera.

Kusasuma kwathuku kuli ndi mizu yake. Akuluakulu athu akhala zaka zambiri ndi ziphaso zolembedwa kuti Alien. Lamulo la unzika la 2001 linasiya ambiri obadwira kuno ali opanda dziko, ndipo ngakhale malamulo aakulu a dziko a 2013 anabwezera unzika kwa obadwira m'Zimbabwe amene kholo lawo linachokera m'maiko a SADC, n'kuikanso Chichewa pakati pa zilankhulo 16 zovomerezeka, mantha a ofesi ya boma sachoka ndi siginecha. Munthu amene wakhala akumva mawu onyoza ochokera ku Malawi oti mabwidi ndi mabhurandaya moyo wake wonse safulumira kukaima pakauntala ya polisi, makamaka kukaneneza mwana wa mnzake wa kumudzi. Palinso kuja koti za m'nyumba siziululidwa. Kuonjezera apo, mnzathu wa Chishona nkhalamba yake ikafooka ali ndi kwawo ku Murehwa kapena ku Gutu, komwe kuli apongozi, adzukulu ndi anansi oloweramo nthawi iliyonse. Ife mudzi wathu ndi nyumba ya zipinda zinayi ya kukhonsolo ku Mabvuku. N'chifukwa chake m'nyumba zosungirako okalamba za m'dziko muno mumamveka Chichewa chambiri. Ndime 82 ya malamulo aakulu aja imalonjeza a zaka zoposa 70 chisamaliro chochokera kwa mabanja awo ndi kuboma, ndime 83 imati aulumali atetezedwe ku nkhanza ndi kudyeredwa masuku pamutu, palinso lamulo la okalamba la 2012. Mawu abwino onsewo sanafikepo pageti la azakhali kudzawerenga mapiritsi.

Ndisaiwale chomwe abale sakonda kumva. Si wantchito yekha amene amaba. M'nyumba zambiri mbava yaikulu ndi mdzukulu wa kuchipinda chakumbuyo, amene amasunga khadi la penshoni, amene wayamba kale kufunsa komwe kuli mapepala a nyumba agogo akadali moyo. Kukasowa kanthu, mlandu amausenza ndi wantchito chifukwa alibe womuikira kumbuyo. Nthawi zina wantchitoyo ndiye mboni yokhayo ya zomwe mdzukulu akuchita, ndipo n'chifukwa chake amachotsedwa mwachangu.

Za malipiro zija. Malamulo a antchito a m'nyumba a 1992 amaika wosamalira okalamba ndi aulumali wokhala ndi satifiketi ya Red Cross pagiledi yapamwamba, kuposa wa m'munda ndi wophika, koma pamwamba pakepo ndi pachulu, si paphiri. Penshoni ya bungwe la boma la NSSA, yomwe inayamba mu 1994, antchito a m'nyumba inawasiya kunja. Ife tinkapereka madola 130 kwa munthu amene ankaphika, kuchapa, kusambitsa, kutembenuza wodwala usiku, masiku onse a sabata osapuma, mwana wake atamusiya kwa agogo ake ku Epworth. Tinkadziona ngati olipira bwino. Chimene sitinaone n'chakuti kumumana tsiku lopuma kunali kudzimana tokha maso achiwiri. Wantchito wosapuma ndi wantchito amene palibe wina amalowa m'malo mwake, ndipo nyumba imene munthu wachiwiri salowamo ndi imene imabisa chilonda cha pamsana mpaka chikule ngati chikhatho. Tikanamupatsa Loweruka ndi Lamulungu, wina akanasambitsa azakhali n'kuona.

Msuweni atamva zonse anafuna kugula makamera. Ndinamukaniza, ndipo ndikudziwa ena mundinena. Kamera imafuna magetsi, magetsi ake ozimazimawa. Imafuna data, ndi munthu wokhala pansi kuonera maola 24 a nkhalamba ikugona. Siona ngati piritsi lili lathunthu kapena theka. Koposa zonse, azakhali ndi mayi amene sanavulepo mpango kumutu pamaso pa mkamwini, ndiye kuwaikira diso m'chipinda chomwe amasinthidwira thewera n'kuwaberanso kena komwe kanatsala. Pabalaza kapena pageti, chabwino, ikani. Koma ambiri amene ndawaona akugula kamera amakhala akugula chilolezo choti asamabwerenso.

Zomwe tikuchita tsopano n'zachikalekale. Patebulo pali kope lachikuto cholimba. Mayi amene akusamalira azakhali panopa, wamkulu ndithu, wa ku Tafara, amalembamo mankhwala, chakudya ndi chilichonse chogulidwa, ndipo anapempha kopelo ndi iye mwini. Anati, "Bambo, kopeli likuteteza ine." Ndalama ya mankhwala imapita kufamase mwachindunji, malipiro ake amapita kwa iye, ziwirizi sizikumananso m'thumba limodzi. Lachitatu lililonse amayi awiri a chigwirizano amabwera kudzapemphera, ndipo mmodzi wa iwo, amene anagwirapo ntchito kuchipatala, amawerenga mapiritsi ndi kuyang'ana msana, poyera, wantchito ali pomwepo. Loweruka timabwera ine ndi akazi anga, mayi uja amapita kwawo, akazi anga amasambitsa azakhali, kenako ndimakhala nawo awiriwiri chitseko chili chotseka. Kuti ndimve chiganizo chimodzi pamatenga nthawi, ndipo wotchi ndimaisiya m'thumba. Msuweni wayamba kuphunzira Chichewa cha mayi ake ali ndi zaka 44, pafoni, usiku akaweruka.

Pali chimodzi chomwe ndikufuna tikanganepo pamisonkhano yathu. Mabungwe athu a maliro, omwe makolo athu anayambitsa kuti munthu wa ku Nyasaland asaikidwe ngati galu m'dziko la eni, akadali amphamvu. Mwezi uliwonse timasonkha, tili ndi mlembi, msungichuma ndi buku la mamembala. Timadziwa nkhalamba iliyonse, nambala ya nyumba yake, ngakhale ndi mtundu wa bokosi lomwe idzagonemo. Bwanji bungwe lomwelo, kapena mpingo wa CCAP, kapena mzikiti, osasunga buku lachiwiri, la amayi ndi anyamata osamalira odwala amene mabanja awayamikira, ndi la amene anachotsedwa pali umboni wooneka? Kuopsa kwake ndikukudziwa. Buku lotere lingasanduke chida cha miseche, ndipo mayi wa sokosi uja akanalembedwamo molakwika. Ndiye pasalembedwe munthu popanda lisiti, kope kapena nambala ya mlandu ya kupolisi, ndipo wonenezedwa aziitanidwa kudzayankha, monga timachitira pakasowa ndalama za bungwe. N'zovuta, inde. Koma panopa tili ndi dongosolo labwino zedi loperekezera agogo kumanda a ku Mabvuku kapena ku Granville, pamene tilibe ngakhale ndandanda ya owayendera akadapuma.

Mwezi watha ndinaona chithunzi cha mtsikana uja m'gulu lina la WhatsApp la ofuna antchito. Wavala yunifolomu yoyera, m'munsi mwalembedwa kuti ali ndi luso losamalira odwala sitiroko, amalankhula Chishona, Chingerezi ndi Chichewa, kalata ya kupolisi ilipo. Ndinalembera woyang'anira gululo kumufotokozera zonse. Anandiyankha mwaulemu kuti sangachotse munthu chifukwa cha mawu a munthu mmodzi, ndimupatse nambala ya mlandu. Sanalakwe. Nambalayo ndinalibe. Loweruka ndinawauza azakhali kuti Lolemba ndikupita kupolisi ndi pepala la kufamase ndi kalata ya dokotala, ndipo kuti mwina adzafunika kunena okha zomwe zinachitika. Anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anafunsa ngati kupolisiko kuli munthu womva Chichewa, ndipo ndisanayankhe anaonjezera kuti polembetsa ndisaiwale zitenje, china chinali chobiriwira chokhala ndi mbalame, anachigula pamsika wa ku Dedza atapita kukaika mchemwali wawo.